Ndinapita ku Oaxaca kukafuna mole, ndinakhalitsa pa mphika wa laimu

NaBanda: Moni nonse pagulu pano. Ndakhala chete kwa milungu ingapo chifukwa ndinali paulendo. Amene mumandidziwa mukukumbukira kuti ndinapita ku maphunziro a za mbewu ya chimanga ku CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, ku Texcoco, kufupi ndi Mexico City. Maphunzirowo atatha ndinatenga tchuthi cha milungu itatu, ndinakwera basi ya ADO usiku, m'mawa kukucha ndili ku Oaxaca. Ndi ulendo wa maola pafupifupi 7. Cholinga changa chinali chimodzi, kuphunzira kuphika mole, msuzi wakuda uja umene aliyense amautchula akamakamba za kumeneko. Mole ndaphunzira ndithu, ndifotokoza. Koma chimene chandisowetsa tulo ndi china. Anthu aja saphika chimanga chouma popanda kuyamba achiwiritsa m'madzi a laimu. Ife tadya chimanga chawo chomwechi kwa zaka mazana, koma njira imeneyi sinatifike.

Mayi a Tadala: Takulandirani asisi! Timati mwatiiwala. Laimu wake uti? Wopaka nyumba uja?

NaBanda: Mtundu wake ndi womwewo Mayi a Tadala, koma woyeretsedwa kuti ukhale wodyedwa. Iwo amati cal. Pamsika amagulitsa m'timapepala ngati mmene ife timagulitsira soda wa therere. Ndiyambe ndi mmene ndinafikira pamenepo. Sabata yoyamba ndinalipira kalasi ya alendo mumzinda. Anatitengera ku msika wa Benito Juárez, tinagula tsabola ndi tomato, tinabwerera kukhitchini yokongola, aliyense ndi epuloni yake. Ndinasangalala, sindinama. Koma masa, chimanga chopera chonyowa chimene amaumbira tortilla (tibuledi tawo tathyathyathya), tinachipeza chili kale m'mbale. Nditafunsa kuti chachokera kuti anandiyankha kuti ku molino, kutanthauza kuchigayo. Ine monga munthu wa chimanga mtima sunakhazikike. Mayi wa nyumba imene ndinkagona ataona kuti ndikufunsa kwambiri anandilumikiza ndi azakhali ake a kumudzi wina kufupi ndi Tlacolula, mayi wachikulire wa mtundu wa Zapotec. Ndinakhala kwa iwo masiku 9. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira.

Phiri wa ku Leeds: Achemwali, munkamvana bwanji? Chisipanishi mumachitha?

NaBanda: Pang'ono chabe achimwene, cha pamsika. Ndiponso iwo panyumba amalankhula chinenero chawo cha Zapotec, Chisipanishi ndi cha alendo. Koma kukhitchini mawu safunika ambiri. Ankandigwira dzanja n'kulilowetsa mumphika kuti ndifikise njere pakati pa zala. Khungu likasupuka mosavuta, basi chapsa. Kenako ankandipatsa njere kuti ndilume, kunja ikhale yofewa koma mkati muoneke koyera kolimba. Ndinakumbuka agogo anga ku Ntcheu akundiphunzitsa kuzindikira mphale yoti yakwana kuvuula. Nawonso sankanena maminitsi, ankangoti tanunkhiza.

Mlimi wa ku Mchinji: Amayi, ndisakubiseni, ine zondiuza kuti tithire laimu mu chakudya sindikuzimvetsa. Makolo athu akonola chimanga, aviika, asinja, adya nsima yoyera kuyambira kalekale, ndipo anakula amphamvu. Chalakwika n'chiyani kuti mpaka tikatengere nzeru kutsidya kwa nyanja?

NaBanda: Bambo, funso lanu ndi loyenera ndipo sindikunyoza nsima yoyera, ndakulira yomweyo. Koma taganizirani izi. Chimangacho chinachokera kutsidya kwa nyanja komweko. Anthu a ku Mexico anachiweta kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas. Pafupi ndi kumene ndinkakhala, cha ku Mitla, kuli phanga la Guilá Naquitz kumene anapezako zitsononkho za zaka zoposa 6,000, tating'ono ngati chala. Kwathu kuno chinabwera ndi Apwitikizi kuyambira m'ma 1500, ndipo chinatenga nthawi yaitali kuti chilande malo a mapira ndi mawere. Mbewu inayenda pa sitima, koma amayi amene ankadziwa kuiphika anatsala. Ife tinangochitenga n'kuchisamalira ngati mapira, mumtondo. Sitinalakwe, tinagwiritsa ntchito nzeru imene tinali nayo. Kungoti pokonola timachotsa gaga ndi kamtima ka njere, pamene iwo amasiya kamtimako, ndipo laimu amamasula chakudya china chimene chimakhala chomangika mu chimanga.

Agogo Nesi: Mwanawe NaBanda, ndakhala ndikungowerenga koma apa ndilankhule. Chakudya chomangikacho dzina lake ndi niacin, vitamini B3. Mu chimanga alimo koma thupi silitha kumutulutsa pokhapokha chimangacho chiphikidwe ndi laimu kapena phulusa. Munthu akamadya nsima yokhayokha popanda nyemba, mtedza, nsomba kapena nyama, amadwala pelagra. Ine matendawa ndinawaona ndi maso anga. Mu 1990 ndinkagwira ntchito ku Nsanje, nthawi imene abale athu a ku Mozambique anathawira kuno chifukwa cha nkhondo. Mtedza umene unkagawidwa m'misasa unasowa kwa miyezi, anthu anatsala ndi ufa. Chaka chimenecho anthu oposa 17,000 anadwala. Khungu limada n'kumasupuka paliponse pamene pamawomba dzuwa, kumanja, kumapazi, ndi pakhosi ngati munthu wavala mkanda. Kenako kutsegula m'mimba kosatha, kenako mutu umasokonezeka. Amayi ndi amene ankadwala kwambiri. Sindiiwala mayi wina amene sankamuzindikira mwana wake, titamupatsa mapiritsi a nicotinamide patangopita masiku anayamba kumuitana dzina. Nthawi imeneyo palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa kuti kwawo kwa chimanga anthu osauka amadya chimanga tsiku lililonse koma matendawa ndi osowa.

Mlimi wa ku Mchinji: Agogo, ndamva. Zimenezo sindingatsutse. Koma kumeneko kunali kumisasa, anthu analibe ndiwo. Ife kumudzi nsinjiro sitisowa.

Agogo Nesi: Chaka chabwino simusowa bambo. Nanga February wa chaka cha chilala, mtedza mutagulitsa wonse kuti mugule feteleza? Ndagwira ntchito m'zipatala za kumudzi zaka zambiri, pelagra sanathere ku Nsanje.

Mbewe wa ku Joni: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Ine ndimaphika mu lesitilanti kuno ku Johannesburg ndipo pa menyu pathu pali zimene timati chakudya cha ku Mexico. Tortilla wa tirigu wa m'paketi, nyama yogaya, tchizi wambiri, kirimu pamwamba. Asisi, kodi zimenezi munazipeza kumeneko?

NaBanda: Ku Oaxaca ayi achimwene. Tortilla wa tirigu aliko, koma ndi wa kumpoto, ku Sonora ndi madera oyandikana ndi America, ndipo zambiri zimene mukutchulazo ndi za ku Texas. Chimene ndinkadya kumudzi kuja mukanachiona mukanati muli kwa amayi anu. Nyemba zakuda zophika mumphika wadothi ndi tsamba lonunkhira lotchedwa epazote. Bonongwe, iwo amati quintoniles. Tsiku lina anaphika sopa de guías, ndinangoyang'ana m'mbale misozi ili pafupi, chifukwa ndi nkhwani weniweni, nsonga za maungu ndi chiluwe chake, timaungu tanthete, ndi zidutswa za chimanga chachiwisi, msuzi wake akuukoleretsa ndi masa pang'ono. Ndipo m'munda mwawo, umene amati milpa, chimanga, nyemba ndi maungu zili pamodzi, nyemba zikukwera phesi, maungu akuyanga pansi. Ndi munda wa agogo anga ndendende.

Tembo wa ku Chipata: Nanga ziwala zija timaona pa zithunzi? Amadyadi?

NaBanda: Amadya kwambiri ankolo. Amati chapulines. Amazikazinga pa phale ndi mchere, adyo, tsabola ndi madzi a ndimu, pamsika zili milu milu m'madengu, zofiira. Alendo anzanga a ku Ulaya ankajambulana asanalume kamodzi, ine ndinagula kambale kathunthu n'kumadya poyenda, mayi wogulitsa anaseka n'kundiwonjezera. Alinso ndi chicatanas, nyerere zikuluzikulu zouluka zimene zimatuluka ndi mvula yoyamba cha mu June. Zili ngati mafulufute athu aja. Iwo amazisinja ndi tsabola kupanga msuzi, ndipo mtengo wake ndi wokwera kuposa nyama.

Mayi a Tadala: Asisi tiyeni tibwerere ku laimu, ine ndikufuna kuyesa. Chaka chatha ndinaonera pa YouTube ndinayesa kupanga tortilla ndi ufa woyera. Zinangonyenyeka m'manja, pa chiwaya zinauma gwa. Ndinayesanso ndi mgaiwa, chimodzimodzi.

NaBanda: Sizikanatheka amayi, vuto silinali manja anu. Ufa wathu ukauthira madzi ozizira sugwirana. Laimu ndi amene amasungunula khungu la njere n'kulisandutsa ngati ulimbo, ndipo kuwiritsa kuja kumapsetsa mbali ina ya njere, ndiye mukapera zimamatana popanda tirigu kapena dzira. Ndilembe mmene ndinaonera, ndipo miyezo ndinaiyeza ndekha ndi kasikelo chifukwa mayi aja amangotapa ndi dzanja. Chimanga chouma chosakonola kilogalamu imodzi, madzi malita atatu, laimu magalamu 10, ndiye kuti supuni yaikulu imodzi. Sungunulani laimu m'madzi, thirani chimanga, chiwire pamoto wapakati. Chawo cha mtundu wa bolita chinkatenga mphindi 20 kapena 30. Chathu cha makolo n'cholimba, ndikuganiza chidzafuna kupitirirapo, ndiye muzifikisa njere mphindi zingapo zilizonse. Chidzasintha mtundu kukhala chachikasu, musadabwe. Khungu likayamba kusupuka phulani, vundikirani, chigone m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, amati nejayote, ndipo tsukani kawiri kapena katatu mukufikisa. Musatsuke mpaka kuyera mbee, kakhungu kotsalako ndi kamene kamathandiza kugwirana. Chimanga chimenechi tsopano dzina lake ndi nixtamal, mawu a chinenero cha Nahuatl ochokera ku phulusa. Chinthu chimodzi chofunika kwambiri kwa ife, musaphikire m'poto wa aluminiyamu. Laimu amadya aluminiyamu, ndipo mapoto athu ambiri ndi omwewo. Mphika wadothi, poto wa enamelo kapena wachitsulo chosachita dzimbiri.

Mlimi wa ku Mchinji: Laimu ndili naye thumba lathunthu, wothira m'munda. Ameneyo angathe?

NaBanda: Ayi bambo, chonde musayese. Wa m'munda ndi mwala wongogaya, sanaotchedwe, alibe ukali wosupula khungu. Wofunika ndi wootcha kenako n'kuzimitsidwa ndi madzi, calcium hydroxide, ndipo akhale wolembedwa kuti ndi wa chakudya. Wa ku hadiweya sindingakulimbikitseni chifukwa simudziwa chimene chasakanikiramo.

Phiri wa ku Leeds: Kwa amene muli kuno ku UK, m'mashopu a amwenye amagulitsa, amati chuna, amapaka pa masamba aja amatafuna. Ndi yemweyo. Mwina ku Limbe kapena ku Area 2 angapezekenso.

Mbewe wa ku Joni: Kuno amati slaked lime, amapezeka ku famase. Amayi achibunu amaviikamo makoko a mavwende popanga konfyt kuti asafewe.

Agogo Nesi: Koma ana inu, bwanji mukuvutika ndi mashopu? NaBanda wanena kuti dzinalo likuchokera ku phulusa. Ife chidulo tilibe? Amayi anga ankaotcha zitsononkho ndi makoko a nyemba, phulusa lake n'kulitcheza m'kachitini koboola, madzi ake ndi amene ankaphikira therere.

NaBanda: Agogo mwafika pamene ndimafuna kufika. Masiku anga omaliza ndinapita ku Michoacán, ku tauni ya Pátzcuaro, m'mbali mwa nyanja. Kumeneko anthu a mtundu wa Purépecha amapanga corundas, masa wokulunga m'masamba aawisi a chimanga mwa makona atatu n'kuphika ndi nthunzi, ndipo ena chimanga chake amachiwiritsa ndi phulusa la nkhuni, osati laimu. Ndinaima pafupi ndi mayi wina akusefa phulusa ndipo ndinangoti chidulo! Nzeru yoti phulusa limafewetsa chakudya tili nayo kale, tinangoigwiritsa pa ndiwo osaiyesa pa chimanga. Phulusa limafunika lambiri kuposa laimu chifukwa ukali wake ndi wochepa, ndipo likhale la nkhuni zoyera, losasakanikirana ndi mapulasitiki kapena matabwa opaka penti. Ku Pátzcuaro komweko amakazinga tinsomba totchedwa charales, ukangoona ukuti usipa.

Tembo wa ku Chipata: Funso langa ndi la chigayo. Chimanga chonyowa choncho, wa chigayo sangakulole, chimatseka sefa.

NaBanda: Limenelo ndiye vuto lenileni ankolo, ndipo ndaliganizira kwambiri. Kwawo chigayo n'chosiyana ndi chathu. Chathu chimamenya njere zouma ndi nyundo, chawo chili ndi miyala iwiri yozungulira ndipo madzi amadontherapo pang'onopang'ono, chimatulutsa masa wofewa wofunda. Tinkadzuka 5 koloko m'mawa ndi ndowa pamutu kukaima pamzere, amayi akucheza nkhani za m'mudzi, ngati kwathu. Tikabwerako, mayi aja ankabwerezanso pa metate, mphero ya mwala wa kuphiri lamoto ya miyendo itatu, atagwada, kuti masa asalale. Anandiuza kuti mpheroyo anapatsidwa pa ukwati wawo. Ndinayesa kupera, mikono inatopa msanga, koma ndinaona kusiyana kwake m'kamwa. Kwathu njira ndikuona zitatu. Mphero, kwa amene akadali nayo ya mawere. Kachigayo kopukusa ndi dzanja, ndagula kamodzi ndabwera nako, kamafunika kubwereza kawiri. Kapena kuyanika nixtamal padzuwa mpaka aume ngati mmene timayanikira mphale, n'kupita naye kuchigayo chathu chomwechi ndi sefa yosalala. Ufa wotere ndi wofanana ndi umene amagulitsa m'mapaketi wa Maseca, ukangothira madzi ofunda umagwirana.

Mlimi wa ku Mchinji: Ndiye ufa umenewo nsima ingaphikike?

NaBanda: Ndaphika sabata ino bambo. Inaphikika bwino, imagwirana msanga, mtundu wake ndi wachikasu pang'ono ndipo fungo lake ndi lina, lonunkhira ngati chimanga chootcha chosakaniza ndi dothi la mvula yoyamba. Amuna anga anadya mitanda iwiri n'kunena kuti ndi yokoma koma si nsima. Ana anaikonda. Apongozi anga anakana atangoona mtundu, anati ikuwakumbutsa ufa wachikasu wa nthawi ya njala. Sindinawakakamize, ndikumvetsa chimene mtundu umenewo umatanthauza kwa anthu amene anaona 1992 ndi 2002.

Agogo Nesi: Muyambire pa phala la ana. Mwana sasankha mtundu, ndipo laimuyo amawonjezera kashiamu wa mafupa. Ndinawerenganso kuti kuwiritsa ndi kutsuka kotere kumachepetsa poizoni wa chuku amene amativutitsa mu chimanga chosungidwa chisanaume.

NaBanda: N'zoona agogo, amachepa ndithu, mbali yaikulu imapita ndi madzi otayidwa aja. Koma chimanga chowola chikhale chotaya basi, laimu sachiritsa zonse. Nkhani ya phala iwonso ali nayo, amati atole, masa wosungunula m'madzi kapena mkaka n'kuwiritsa ndi sinamoni, ena amathira chokoleti. Kulinso tejate, chakumwa chozizira cha chimanga, koko, njere ya chipatso cha mamey ndi maluwa ena onunkhira, amachikanda ndi mkono m'beseni lalikulu ladothi mpaka thovu liyandame pamwamba. Pa msika wa Lamulungu ku Tlacolula ndinamwa m'chikho chopaka utoto wofiira, ndinakumbuka thobwa la pa chinkhoswe.

Phiri wa ku Leeds: Achemwali mwatisiya m'malere pa mole. Munalonjeza.

NaBanda: Pepani achimwene. Ku Oaxaca amati kuli mitundu 7 ya mole, koma mfumu yake ndi mole negro. Ndinali ndi mwayi chifukwa mdzukulu wa mayi aja ankabatizidwa, ndiye tinaphika wa anthu ambiri, amayi asanu ndi mmodzi, masiku awiri. Zolowamo zinali pafupifupi 30. Tsabola wouma mitundu ingapo, wofunika kwambiri ndi chilhuacle negro amene amalimidwa kudera la Cañada ndipo ndi wodula, kenako mulato ndi pasilla. Tsabola ameneyu si wowawa ngati kambuzi, ndi wonunkhira, wotsekemera pang'ono ngati zipatso zouma. Mtedza, chitowe, maalimondi, mphesa zouma, nthochi yophika yakupsa, buledi, anyezi, adyo, tomato, ndi miltomate, kamene ndi kachibale ka jamu wathu wa m'chikhungwa uja koma kobiriwira kowawasa. Sinamoni, ma clove, masamba a mapeyala owamba, chokoleti. Chilichonse chimakazingidwa kapena kuwambidwa pachokha, palibe kuphatikiza kuti ufulumire. Chimene chinandidabwitsa, njere za tsabola amaziotcha dala pa phale mpaka zide bii ndi kuyaka moto, pamodzi ndi tortilla wouma. Amachitira panja chifukwa utsi wake umatsamwitsa, tonse tinkatsokomola. Kenako amaziviika n'kuzitsuka kangapo kuti kuwawa kuchoke. Kuda kwa mole kumachokera pamenepo, osati ku chokoleti monga ambiri amaganizira. Zonse zikapita kuchigayo, phala lakelo amalikazinga m'mafuta a nkhumba mumphika waukulu wadothi, n'kumathira msuzi wa nkhukundembo pang'onopang'ono, munthu akutakasa osaleka kwa maola. Ine anandipatsa mthiko kwa ola limodzi, ndipo mayi aja ankabwera kudzalawa, n'kuwonjezera mchere kapena shuga osanena kanthu.

Mbewe wa ku Joni: Masiku awiri! Kwathu kuntchito bwana akanati tigule wa m'botolo.

NaBanda: Nawonso pamsika amagulitsa wopangapanga, ndipo pa tsiku wamba ambiri amagula womwewo. Koma wa mwambo amaphika okha, ndipo ndinaona kuti ntchitoyo ndi mbali ya mwambowo. Amene wabwera kudzathandiza lero, nawenso udzapita kwawo tsiku lake likafika, ndipo ena amalemba m'kope zimene aliyense wabweretsa kuti adzabweze. Amati guelaguetza. Ife timachita zomwezo pa maliro ndi pa ukwati, kungoti sitilemba. Kunena zoona mole negro sindikuganiza kuti ndidzamuphika kawirikawiri kuno, tsabola wake kulibe. Amene tingathe mosavuta ndi pipián, msuzi wa nthanga za maungu zokazinga n'kusinja. Aliyense wodziwa kutendera ndi nsinjiro angauphike lero lomwe.

Tembo wa ku Chipata: Mayi amene anakuphunzitsaniwo munawalipira? Ndikufunsa chifukwa ndimaona anthu akupita kumidzi, kutenga nzeru za amayi, kubwerako n'kutsegula bizinesi.

NaBanda: Ndakondwa mwafunsa ankolo. Poyamba anakana ndalama, anati ndine mlendo wa mwana wa achimwene awo. Ndinafunsa mayi wa nyumba ija kuti ndichite bwanji, anandilangiza kuti ndizigula chimanga, nkhuni ndi nyama za masiku onse, ndipo potsanzikana ndiwapatse ndalama mu envelopu ndinene kuti ndi za ubatizo wa mdzukulu. Ndinawapatsa zofanana ndi zimene ndikanalipira makalasi a mumzinda masiku omwewo, ndi chitenje chimodzi. Kwa amene mungadzapite, kalasi ya alendo ndi yabwino poyambira, imakuphunzitsa mayina a zinthu ndi kuyenda mumsika. Koma pemphani kuti muone kuchokera pa njere. Ndipo musafike ndi foni m'manja, fikani ndi manja otsuka mbale. Ine tsiku loyamba lonse ndinangotola miyala mu nyemba ndi kutunga madzi, tsiku lachiwiri ndi pamene anandilola kuyandikira comal.

Mayi a Tadala: Comal ndiye chiyani?

NaBanda: Ndi phale amayi, koma loumbidwira ntchito imeneyi, lalikulu lathyathyathya, ladothi. Amalipaka madzi a laimu kuti tortilla asamatirire. Mumaumba kampira ka masa, kupsinja pakati pa mapulasitiki awiri ndi kachipangizo kamatabwa kapena kachitsulo, n'kukagoneka pa phale lotentha popanda mafuta. Mbali yoyamba masekondi ochepa, m'mphepete mukangoyamba kuuma tembenuzani ndi zala. Mbali yachiwiri ikhalitseko mpaka ichite timadontho. Mukatembenuza kachitatu amayenera kufufuma ngati chibaluni, nthunzi itadzaza mkati. Akafufuma ndiye kuti zonse munachita bwino, kuyambira pa laimu, kapere, madzi mpaka moto. Wanga woyamba kufufuma anali wa tsiku lachisanu, ndipo mayi aja anamutenga, anawaza mchere, anamupinda n'kundipatsa kuti ndidye ndekha.

Phiri wa ku Leeds: Ndangoona kuti UNESCO inaika kaphikidwe ka ku Mexico pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2010, ndipo nsima yathu inalowa pa mndandanda womwewo mu 2017. Ndiye tonse tili m'buku limodzi ndi chimanga chimodzi.

NaBanda: Eya, ndipo chitsanzo chimene anapereka mu 2010 chinali cha amayi ophika a ku Michoacán komwe ndinaona phulusa kuja. Mayi anga a ku Tlacolula ndinawaphikira nsima tsiku lina ndi ufa umene ndinanyamula, ndiwo zake nkhwani wotendera. Anadya ndi manja mosavutika, anayamikira ndiwo kwambiri, koma pa nsima anandifunsa kuti, chimanga chanu mumachivula chonse chonchi, ndiye zovala zakezo amadya ndani? Ndinawauza kuti nkhuku ndi nkhumba. Anangogwedeza mutu.

Mlimi wa ku Mchinji: Chabwino amayi. Nsima yoyera sindisiya, koma ndili ndi chimanga cha makolo cha mawangamawanga chimene ndimasunga mbewu yake kuchokera kwa bambo anga. Mukafuna choyesera ndikupatsani ndowa imodzi. Ndikufuna ndione ngati chingafufume.

Mayi a Tadala: Abale, ndabweranso patatha masiku atatu. Laimu sindinamupeze, ndinagwiritsa phulusa la mbaula ya nkhuni, ndinasefa makapu awiri pa chimanga makapu awiri, mumphika wadothi wa nyemba. Chinatenga pafupifupi ola kuti khungu lisupuke. Ndinasinja mumtondo chonyowa chomwecho, ine ndi Tadala kusinthana, mpaka chinagwirana. Ndinapsinja ndi pansi pa mbale, n'kuotcha pa chiwaya cha chapati. Ndinapanga 14. Kukoma kwake sindinayambe ndakumvapo, tinadyera nyemba ndi mapeyala ndi kambuzi. Koma palibe anafufuma, ndipo m'mphepete ankang'ambika.

NaBanda: Amayi mwandisangalatsa kwambiri! Kung'ambika m'mphepete ndi madzi ochepa kapena kusasalala. Muyese chonchi, umbani kampira mukapsinje ndi chala, m'mbali mukachita ming'alu wonjezerani madzi pang'ono pang'ono mukukanda, mpaka afewe koma osamata m'manja. Mtondo susalalitsa ngati mphero, ndiye musinje nthawi yotalikirapo. Chiwayanso chitenthe kwambiri musanaike woyamba, ndipo mukatembenuza kachitatu dinikizani pakati pang'ono ndi kansalu. Loweruka ndili ku Lilongwe, ndibwera ndi kachigayo kanga ndi laimu amene ndinabwera naye. Bambo a ku Mchinji, ndowa ija mungaitumize pa minibasi Lachisanu?

Mlimi wa ku Mchinji: Ndibwera nayo ndekha, ndili ndi zina zokagula mutauni. Mundiuze nthawi.

Agogo Nesi: Inenso mundiwerengere. Ndibwera ndi mdzukulu wanga wa zaka ziwiri, tiyesere phala lija. Mayi a Tadala, muviike chimanga Lachisanu madzulo kuti tisadikire.

Mayi a Tadala: Ndili ndi makilogalamu awiri, imodzi ndiviika ya phulusa, ina tidzaone ndi laimu wa asisi ulendo wina. 9 koloko m'mawa, aliyense abwere ndi ndiwo yake.